Mukapumeko, Amake Rhoda

Atate anamasulanso makina anga osokera, ngakhale ndinali nditawauza kuti sanawonongeke. Anachotsa kachitsulo kogwira ulusi, n'kukauzira mpweya, n'kukabwezera pomwe anakachotsa. Ine ndinali ndi mulu wa mayunifomu a ana asukulu, eni ake akudikira, ndipo mtima unayamba kundiwawa.

"Atate, makinawa ali bwino. Nenani chimene mwabwerera."

"Mafuta," anatero osandiyang'ana. "Makina amafuna mafuta."

"Mafuta munathira dzana."

Anapukuta manja pa kansanza, n'kusuzumira kunja kwa kantemba kanga kosokeramo, kumene azimayi a mumsika wa Kafue ankaitanira ogula, ngati kuti wina wawatsatira. Atate anga, a Yotamu Kamanga, anali mkulu wa mpingo wa Reformed, munthu woti mawu ake a tsiku lonse sangadzaze chikho. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito, ndipo m'nyumba mwathu Chichewa chinkayankhulidwa chathunthu, osati chodula michira chimene tinkayankhula ife ana pamsewu.

"Amake Yande," anayamba motero. Akandiitana ndi dzina la mwana wanga ndinkadziwa kuti nkhani ndi yolemera. "Kuja munapita ndi amuna anu. Ku Lusaka. Kumene munakagona kuja."

"Ku gesitihausi?"

"Kumeneko. Kodi amalandirako ndi anthu akuluakulu?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Amuna anga a Brian amapemphera ku Pentekosite, ndipo mpingo wawo unali utayambitsa zoti mwamuna ndi mkazi azichokako panyumba masiku awiri, okhaokha, osatenga ana. Ife titapita, atate omwewa ndi amene ananena kuti zimenezo n'za anthu osowa chochita.

"Amalandira. Koma mufuna kupita ndi ndani?"

"Funso lanji limenelo? Ndili ndi akazi angati ine?"

Zimenezi zinali zaka zija boma litayamba kugulitsa makampani. Fakitale imene atate ankakonzako makina inachotsa anthu ambirimbiri, ndipo mabwana sankanena kuti takuchotsani ntchito. Ankati, "Kapumeni kaye kunyumba, zinthu zikakhala bwino tidzakuitanani." Palibe amene anaitanidwa. Mawu oti kupuma ananunkha mu Nangongwe monse, komboni imene tinkakhala, moti munthu ukamufunsa za mwamuna wake n'kukuyankha kuti akupuma, unkangoti pepani.

Amene anagwira nyumba yathu ndi amayi. Ankalawirira kumtsinje kukapikula nsomba kwa asodzi, n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, dzuwa ndi fumbi zili pa iwo. Alongo anga anamaliza sukulu ndi nsomba zimenezo. Chimene chimandigometsa mpaka lero n'chakuti sindinawamvepo akuwanyoza atate, ngakhale mwa nthabwala. Ankafika miyendo itatupa, n'kuphika, n'kugwada powapatsa madzi osamba m'manja monga kale, ndipo mutu wa nsomba yaikulu unkapitabe m'mbale ya atate. Tsopano atate anali atayamba kupeza maganyu okonza mapampu ndi zigayo m'mafamu, ndipo msana wawo unali utayamba kuwongoka.

"Kodi kumeneko mumakachita chiyani?" anafunsa.

"Palibe."

"Palibe?"

"Mumadya zimene simunaphike, mumayenda, mumacheza. Basi."

Nkhope yawo inakwinyika ngati akumvetsera injini yachilendo. Kenaka anakoka kampando n'kukhala. "Ndiuzeni bwinobwino, kuyambira potsika basi."

Ndinawauza zonse. Gesitihausi ili kufupi ndi tauni, zipinda zake n'zoyera, nshima amaphika yolimba bwino. Masana angayende mu Cairo Road kuona zinthu m'mawindo a masitolo, agule ayisikirimu, akajambulitse chithunzi. Nditatchula zokaonera kanema anatukula dzanja.

"Mkulu wa mpingo mumdima ndi anyamata? Ayi. Nenani zina."

"Mungapitenso ku bwalo la ndeke. Pali malo oima n'kumaona zikutera."

Apa maso awo anawala. "Imeneyo ndiye. Amayi anu ndeke ikamadutsa amasiya chilichonse n'kuyang'ana kumwamba mpaka italowa m'mitambo. Ngakhale ndiwo zikupsa."

Ndinawayang'ana bambo amenewa. Ine ndinakula m'nyumba imeneyo koma chimenechi sindinachionepo, ndipo ndinkaganiza kuti atate saona kalikonse kupatula zitsulo. Anapisa m'chikwama chawo cha masipanala n'kutulutsa pepala lapulasitiki, momwe munali chitenje chatsopano chobiriwira, cha maluwa achikasu, chokwera mtengo.

"Muwasokere diresi, muyezo wawo mukuudziwa. Likhale litatha Lachisanu, ulendo ndi Loweruka. Ndipo musawauze kanthu, ndiwauza ndekha."

Anachoka mofulumira ngati munthu amene waba, n'kundisiyira makina atamasula theka.

Lachisanu masana ndinanyamula diresi lija kupita ku Nangongwe, mtima uli mbee. Nditakhota pa mpanda wathu ndinakumana ndi ba Felistus, anansi athu, atanyamula mabeseni a amayi ogulitsiramo nsomba. Maso awo anali ofiira.

"Iwe Rhoda, limba mutima," anatero m'chiyankhulo chathu cha pamsewu chija. "Ine nenze kuganiza ati ba Yotamu ni bosiyana na bamuna benangu. Kanshi ni chimozimozi."

Sanadikire kuti ndifunse. Pabwalo panali patasesedwa mpaka kumsewu, ndipo bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi linali padzuwa, lotsegula. Amayi ndinawapeza pamkeka akupinda malaya a atate. Anali atawasita onse, ngakhale ogwirira ntchito.

"Khala pansi," anatero. "Umvetsere, chifukwa uzibwera kudzawaona ndiwe. Atate ako therere la soda wambiri limawapweteka m'mimba, koma sanena. Bulangete lawo uziyanika padzuwa, chifuwa chija chimayamba ndi fumbi. Ndipo akakhala chete kwambiri usawafunse, ungowapatsa tiyi."

"Amayi, n'chiyani kodi?"

"Ndikupita kokapuma."

"Eya, akuuzani!" Ndinawomba m'manja ndi chisangalalo.

Manja a amayi anaima pa malaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sindidzaiwala maso amenewo.

"Nawenso unkadziwa," anatero motsitsa.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti china chalakwika. Ndinawafunsa kuti atate ananena chiyani kwenikweni, ndipo anandibwerezera mawu ake onse. Dzulo lake m'mawa, asanapite ku famu ya kutsidya kwa mtsinje kumene ankakagona mpaka Loweruka, anaima pakhomo chipewa chili m'manja, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Amake Rhoda, mwatopa. Mulongedze zovala. Loweruka tikwera ya ku Lusaka, mukapumeko." Atatero anatuluka osatembenuka.

Ndinafuna kudzimenya pamutu. Ku Lusaka n'kumene munthu amakwerera basi ya ku Chipata ndi kumalire, njira ya kumudzi kwa amayi. Ndipo mu Nangongwe aliyense ankadziwa zimene zinkachitika: amuna ena, nyumba ikawakanika kapena akapeza wina, ankauza akazi awo kuti akapumeko kumudzi, n'kuwaperekeza mpaka ku Lusaka. Amake Wisdom a kuseri kwathu anapita choncho, ndipo m'nyumba mwawo munali mutalowa kale mkazi wina.

"Amayi, si zimenezo! Akukutengani kokayenda, masiku awiri okha, ngati mmene tinachitira ine ndi a Brian. Mukagona ku gesitihausi, mukaona ndeke zikutera."

Amayi anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. "Ndeke. Atate ako omwewa, amene ku ukwati amachoka anthu asanayambe kuvina?"

"Anabwera okha kumsika kudzandifunsa. Onani, anagula ndi chitenje."

Ndinafutukula diresi lija ndikuganiza kuti nkhani yatha. Amayi analilandira, n'kulisisita, n'kutembenuza msoko wake kuti aone mkati.

"Wasoka bwino, mwana wanga. Mkazi pomubweza kwawo amamuveka chatsopano, kuti abale ake asanene kuti ankazunzika. Amake Wisdom anapita ndi nsapato zatsopano, ndinawaperekeza ndine kukagula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndiye ine ndikunama?"

"Sukunama. Akunamiza iwe chifukwa akuchita nawe manyazi."

Ndinapsa mtima, ndinalumbira, ndinatchula mpaka Mulungu, koma zinali ngati kuthira madzi pa mwala. Nditatopa ndinawafunsa kuti atate angawachotsere chiyani, atachita zonse zija.

"Chifukwa cha zomwezo," anatero. "Mwamuna amene wadyetsedwa ndi mkazi, tsiku limene waima pa miyendo yake safuna kumaona nkhope imene inamuona ali pansi. Ndiponso ndimanunkha nsomba, Rhoda. Sopo sachotsa." Anapinda malaya omaliza n'kuwaika pamwamba pa anzake. "Sindikakamira, ndipo sindilira pamaso pa anthu. Chondiwawa n'chakuti kumudziko ndinachokako ndili kamtsikana. Amene ankandidziwa onse ali kumanda. Kwathu ndi kuno."

Masiku amenewo kunalibe mafoni a m'manja, ndipo famu imene atate anapita sindinkaidziwa n'komwe. Ndinatuma uthenga kwa a Brian kuti asamale mwana, ine n'kugona kwa amayi.

M'mawa wa Loweruka amayi anasamba, anavala diresi lija, n'kumanga duku. Anaoneka okongola moti ndinalira ndine. Bokosi lachitsulo analitulutsa okha, miphika yawo n'kuimanga m'chitenje chakale, ndipo anakhala pabokosipo manja ali pamiyendo. Anansi anayamba kupeza ntchito kufupi ndi mpanda. Wina ankasesa posesa kale, ba Felistus ankachapa chovala chimodzi osachimaliza.

Atate anatulukira atavala ovolosi yamafuta, akuimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi. Chibadwire sindinawamvepo akuimba mluzu. Ataona diresi anamwetulira, koma ataona katundu mluzu unaduka.

"Miphikayi ikupita kuti?"

Amayi anaimirira. Sanagwade.

"Ndakonzeka, atate ake Rhoda. Koma musanandikweze basi, mundiuze pamaso pa mwanayu chimene ndinalakwa. Ngati mwandida, nenani, ndimve ndi makutu anga."

Atate anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa. Ulemu unandithawa.

"Atate, munawauza kuti akapume! Mu Nangongwe muno, munthu n'kumuuza kuti akapume? Inuyo kufakitale anakuuzani mawu anji? Akuganiza kuti mukuwabweza kumudzi ngati amake Wisdom. Mabeseni agawa kale."

Ndinaona mawuwo akuwalowa pang'onopang'ono. Chikwama cha masipanala chinawapulumuka n'kugwa pansi. Anavula chipewa, n'kuchiyang'ana, n'kuchivalanso. Ndinkadikira kuti ayankhule, ndipo anansi onse ankadikira, koma iwo anawerama n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje cha miphika.

Anatenga mphika waukulu n'kulowa nawo m'nyumba. Anatuluka, n'kutenga wina. Mkulu wa mpingo, amene sanagwirepo mphika chikwatirire, ankanyamula umodziumodzi ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero, ndipo tinkamva akugundagunda kukhitchini posadziwa pomwe uliwonse umakhala. Atatha miphika anagwira bokosi lachitsulo n'kuyamba kulikoka.

"Siyani, anthu akuona," anatero amayi.

"Aone."

Analikokera mpaka kuchipinda. Atatuluka anali akupuma movutika, thukuta lili kamukamu, ndipo anaima patsogolo pa amayi manja akulendewera.

"Ine mawu sindiwadziwa, amake Rhoda. Mukudziwa inunso. Zaka zonsezi ndadya thukuta lanu. Amuna anzanga akazi awo ankawatukwana mpaka kumsewu, inu simunandikwezerepo mawu. Ndinkakuonani mukubwera miyendo itatupa, ine ndili pampando, ndipo ndinkafuna pansi patseguke. Ndiye ndinati ndikangoyamba kugwiranso chitsulo, ndidzapita nanu kwinakwake mukadye chimene simunaphike, ine ndikhale pompo ndikuoneni mukudya. Basi, ndi zomwezo."

"Nanga zoti ndikapume?"

"Ndi mawu okhawo amene ndinali nawo. Anali mawu abwino kale, anatiipitsira ndi anthu." Anapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi, n'kudzipaka mafuta pachipumi. "Mwati ndinene ngati ndakudani. Mwandida ndi dzina lanu, dzina chabe. Amene anakupatsani ankanena adani awo, ine mulibemo."

Dzina la amayi ndi Mwandida ndithu, koma aka kanali koyamba kulimva likutuluka pakamwa pa atate. Ba Felistus anasiya kuchapa n'kugwira pakamwa. Amayi anayang'ana kumbali, koma misozi sanailole.

"Kasambeni," anatero. "Simungakwere basi muli chonchi."

Atate akusamba, amayi anasankha zovala zochepa n'kuika m'kachikwama. Ndinaona kuti mtima wawo sunakhazikike kwenikweni, chifukwa ankatenga chinthu n'kuchibweza, n'kuchitenganso. Munthu amene wagona usiku uwiri akutsanzikana ndi nyumba yake sakhulupirira msanga. Atate atatuluka mu suti yawo ya Lamulungu, amayi anawafunsa osawayang'ana.

"Tibwera liti?"

"Lolemba."

"Tonse?"

Atate anatseka chitseko, anakhoma loko, n'kutenga dzanja la amayi n'kuikamo kiyi.

"Sungani ndinu. Mukatsalira kumeneko, ine ndizigona panja."

Amayi anamuyang'ana kiyi uja, n'kumumanga pa nsonga ya chitenje chimene anakulunga m'chiuno, mfundo ziwiri zolimba. Kenaka anatembenukira kumpanda.

"Ba Felistus, mabeseni aja ndangokubwerekani. Lachiwiri ndiwafuna."

"Ni yanu, bamake Rhoda, ni yanu," anayankha ba Felistus uku akuseka, uku akupukuta m'maso. "Mutibweresele ko ma switi ya ku Lusaka."

Atate ananyamula kachikwama ka zovala, n'kutenganso kachikwama ka m'manja ka amayi, kaja ka chikopa kopita nako kutchalitchi, n'kukakoleka pamkono. Amayi anayesa kukalanda koma anakana. Ine ndinaima pampanda n'kumawayang'ana akulowa mumsewu wafumbi wopita kokwerera maminibasi.

Anayamba monga ankayendera moyo wawo wonse, atate patsogolo, amayi m'mbuyo mapazi angapo. Atayenda pang'ono atate anachepetsa liwiro kuti amayi awapeze. Amayi ataona choncho nawonso anachepetsa, kuti asawapitirire amuna awo. Atate anachepetsanso, amayi chimodzimodzi, mpaka onse awiri anaima chilili pakati pa msewu, wina kutsogolo wina kumbuyo, wanjinga akuwaimbira belu kuti apatuke.

Anaima choncho kanthawi, atate osatembenuka, kachikwama ka amayi kakulendewera pamkono wa suti. Kenaka ndinaona amayi akukonza duku lawo, n'kuponya phazi, n'kuponyanso, mpaka phewa lawo linafanana ndi la atate.